Sukulu ya Pakhonde pa Tchuthi cha Khirisimasi

Mwezi wa Disembala wafika. Mvula yayamba. Mango apsa, ngumbi zikuuluka madzulo, ndipo sukulu zatsekera. Ngati mumakhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, mukudziwa m'mene pakhomo pamakhalira nyengo imeneyi. Ana onse ali panyumba. Amene anali ku sukulu yogonera komweko wabwera ndi chikwama chake. Ana a mlongo wanu afika kuchokera kumudzi kudzadya Khirisimasi m'tauni. Agogo nawonso abwera. Nyumba ya zipinda ziwiri ikugona anthu 11.

Phokoso limayamba m'mamawa. Uyu akulira, uyo akufuna phala, winayo sakuoneka kumene walowera. Ufa umene umatha masabata awiri ukutha sabata imodzi. Mwina inu mumangoti, "Ha! Sukulu zitsegulira liti kuti tipumeko?"

Musatope msanga. Ana ambiri pakhomo ndi ntchito, inde, komanso ndi mwayi. Inu tsopano mumadziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Mungathe kusandutsa khonde lanu kukhala sukulu. Sizilira ndalama ayi. Zimalira ola limodzi patsiku basi. Tiyeni tione m'mene zimenezi zingachitikire.

Chifukwa chiyani ana aziphunzira pa tchuthi?

Chifukwa choyamba ndi kuiwala. Khasu likakhala nthawi yaitali osalima limachita dzimbiri. Mutu wa mwana ndi chimodzimodzi. Mwana wa Sitandade 1 wayamba sukulu mu Sepitembala. Pofika Disembala wangodziwa kumene a, e, i, o, u, ndi maphatikizo owerengeka. Zimenezi zisanakhazikike, sukulu yatseka. Akakhala masabata awiri osaona chilembo, zina zimathawa. Inunso mukudziwa. Paja mutajomba masiku angapo ku sukulu ya kwacha, dzanja linkalemera pogwira pensulo, si choncho?

Chifukwa chachiwiri ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana anakhamukira ku sukulu. Asanachotse fizi, ophunzira sankakwana 2 miliyoni. Atachotsa, anafika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu. Koma aphunzitsi ndi zipinda zophunziriramo sizinachuluke mofanana ndi anawo. Mpaka lero si zachilendo kupeza ana 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1 kapena 2. Kodi mphunzitsi mmodzi angamve mwana aliyense akuwerenga? Sangathe. Koma inu pakhonde panu mungathe kumva ana anu onse, mmodzimmodzi.

Chifukwa chachitatu n'chakuti tchuthi nthawi zina chimatalika mosayembekezeka. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, ndipo ena onse pa 12 Okutobala. Miyezi yonseyo ana anali pakhomo. Maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC, koma pankafunika munthu wamkulu woti akhazike ana pansi kuti amvere. Mu Januwale 2023 zinachitikanso. Tchuthi cha Khirisimasi chitatha, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe sizinatsegulidwe pa tsiku lake chifukwa cha kolera. Ana anadikira mpaka pa 17 Januwale. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsanso sukulu, ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinagwa. Banja limene linazolowera kale kuphunzira pakhomo silisowa pogwira zoterezi zikachitika.

Kodi ndiye kuti ana asiye sukulu?

Iyayi. M'maiko ena, monga ku America ndi ku South Africa, kumene ife timati ku Joni, alipo makolo amene satumiza ana awo ku sukulu n'komwe. Amawaphunzitsa okha pakhomo chaka chonse. Ku South Africa lamulo la 1996 limalola zimenezi, koma kholo liyenera kukalembetsa mwanayo ku boma. Makolo otere amagula mabuku ambiri, ndipo kawirikawiri mmodzi wa iwo amasiya ntchito kuti akhale mphunzitsi.

Ife sitikunena zimenezo. Kuno kwathu lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense aphunzire sukulu ya pulayimale. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB mwana amalembera ku sukulu. Tsono sukulu ya pakhonde silowa m'malo mwa sukulu yeniyeni. Ntchito yake ndi kusunga moto kuti usazime, mpaka mphunzitsi adzasonkhezerenso mu Januwale.

"Koma inetu si mphunzitsi"

Mwina mukuti, "Ine ndaphunzira kuwerenga ndili wamkulu kale. Mwana wanga wa Sitandade 6 amandiposa. Ndimuphunzitsa chiyani?"

Tamverani. Anaphunzitsa mwanayo kulankhula ndani? Anamuphunzitsa kupereka moni, kusamba m'manja ndi kuyatsa mbaula ndani? Ndinu. Ndiye kuti uphunzitsi munauyamba kale. Ndiponso pa sukulu ya pakhonde ntchito yanu yaikulu si kudziwa mayankho onse. Ntchito yanu ili patatu: kuika nthawi, kugawa ntchito, ndi kumvetsera.

Mwana akawerenga Chingerezi chimene inu simumva, muuzeni kuti, "Tandiuza m'Chichewa zimene wawerengazo." Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanamve. Abwerezenso. Akafotokoza bwino, iye wapindula, inunso mwatolapo kanthu. Palibe manyazi kholo kuphunzira kwa mwana wake. Mwana akaona amayi ake atagwira pensulo, amadziwa kuti sukulu si masewera.

Gawani ana m'magulu

Tiyerekeze banja lija la anthu 11. Pali bambo, mayi, agogo, ndi ana 8. Wachisamba ali Fomu 2. Womutsatira ali Sitandade 8. Wina ali Sitandade 6, awiri ali Sitandade 4, wina Sitandade 2, wina Sitandade 1, ndipo mzime ali ndi zaka 4. Mukawakhazika onse pamphasa imodzi ndi phunziro limodzi, aakulu atopa nazo, aang'ono sadzamva kanthu. Choncho agaweni m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la aang'ono: wa zaka 4, wa Sitandade 1 ndi wa Sitandade 2. Awa aphunzire zilembo, maphatikizo ndi kuwerenga manambala. Gulu limeneli litengeni inuyo, chifukwa zimenezi mwaphunzira posachedwa ndipo mukuzikumbukira bwino.

Gulu lachiwiri ndi la apakati: awiri a Sitandade 4 ndi wa Sitandade 6. Awa awerenge nkhani mokweza, alembe ziganizo, achite masamu ochulukitsa ndi ogawa. Aziwayang'anira ndi wa Fomu 2.

Gulu lachitatu ndi la aakulu awiri. Wa Sitandade 8 ali ndi mayeso kutsogoloku. Mpatseni malo a phee kuti abwereze zimene analemba m'makope ake. Wa Fomu 2 akatha kuthandiza ang'ono ake, nayenso apatsidwe nthawi yakeyake yowerenga. Musamusandutse mphunzitsi wa tsiku lonse.

Apa m'pamene banja lalikulu limapindulira. Mutu umodzi susenza denga. Mwana amene akuphunzitsa mng'ono wake amakhwimitsa zimene iye mwini akudziwa. Ndipo ana obwera kudzacheza musawasiye panja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ikani nthawi imodzi tsiku lililonse

Sukulu yopanda belu siyenda. Sankhani ola limodzi, ndipo likhale lomwelo tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri angakonde m'mawa, dzuwa lisanatenthe, mvula ya masana isanabwere. Tsiku lingayende motere:

5 koloko m'mawa: kudzuka, kutunga madzi, kusesa, kutsuka mbale.
7 koloko: kusamba ndi kudya phala kapena kumwa tiyi.
8 koloko mpaka 9 koloko: sukulu ya pakhonde.
9 koloko mpaka 12 koloko: kumsika, kuchigayo, kumunda, kuchapa.
Masana: nsima, kupuma, masewera.
Madzulo: nthano ndi kucheza.

Lembani ndondomeko imeneyi papepala ndi dzanja lanu. Muipachike pachitseko. Anawo aiwerenge okha.

Aang'ono sangakhale pansi ola lathunthu. Kwa iwo mphindi 20 zakwana, kenaka aimbe, adumphe, abwererenso. Mvula ikagwa, lowetsani mphasa m'nyumba.

Nanga ngati mumalawirira ku ntchito? Ena mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata. Ena mumagulitsa malonda mumsika wa Limbe. Ena ndinu alonda, mumafika kunyumba m'mawa muli ndi tulo. Musadandaule. Siyirani belu agogo kapena mwana wamkulu. Pobwera madzulo, musanadye, nenani kuti, "Aliyense abweretse zimene walemba lero." Onani tsamba lililonse. Lembanipo dzina lanu ndi tsiku. Mwana akadziwa kuti abambo adzaona, salemba mwaulesi.

Zipangizo zili m'nyumba mwanu momwemo

Musathamangire kugolosale. Yang'anani m'nyumba.

Khala la pambaula ndi choko. Simenti ya pakhonde ndi bolodi. Pansi pa mtengo wa mango, chala ndi mchenga zikwanira. Makope a teremu yatha ali ndi masamba otsala kumapeto. Katoni yakale muidule tizidutswa, mulembepo maphatikizo: ma, me, mi, mo, mu, ta, te, ti, to, tu. Mwana alumikize tizidutswa tiwiri apange mawu: mu-tu, mo-to, ma-me. Akapanga mawu, awatchule mokweza.

Zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi timiyala ndi zowerengera. Nyengo ya Khirisimasi zitsekerero zimachuluka. Ana atole, atsuke, asunge m'chitini.

Zowerenga nazonso zilipo: paketi ya shuga, pepala la sopo, thumba la feteleza, kalendala, buku la kuchipatala, nyuzipepala yakale imene anakulungira usipa. Uthenga ukabwera pafoni, itanani wa Sitandade 4 awerenge. Poyenda mumsewu, mwana akafunsa kuti, "Amayi, apo alemba chiyani?" musamuyankhe msanga. Nenani kuti, "Tayesa wekha, mwanawe. Chilembo choyamba n'chiyani?"

Ndalama nazo ndi buku. Onetsani ana K500. Pali nkhope ya John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, amene anatsegula sukulu za ana a dziko lino ndipo anaukira atsamunda mu 1915. Timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Pa K200 pali Rose Chibambo, amene anatsogolera amayi pomenyera ufulu wa dziko lino. Pa K100 pali James Sangala, mmodzi wa amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Pa K1,000 pali Dr. Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi. Ana awerenge maina amenewa. Mwaphunzitsa kuwerenga ndi mbiri yakale nthawi imodzi.

Masamu a Khirisimasi

Ola la pakhonde likatha, kuphunzira sikunathe. Ntchito za pakhomo zadzaza ndi masamu.

Yambani ndi chakudya cha tsiku la Khirisimasi. Khalani pansi ndi ana apakati. Mmodzi agwire pensulo. Tchulani zofunika: mpunga, nkhuku, mafuta ophikira, tomato, anyezi, mchere, shuga, makala. Alembe mndandanda. Wina apite kumsika akafunse mitengo, adzalembe pambali pa chinthu chilichonse. Kenaka aphatikize. Tsono auzeni ndalama zimene muli nazo. Kodi zikwana? Ngati sizikwana, tichotse chiyani? Asiyeni akambirane. Mwana amene wawerengera yekha salirira zimene kulibe.

Afunseni motere: "Ngati kapu imodzi ya mpunga ikwanira anthu awiri, ndipo ndi mlendo mmodzi tikhala anthu 12, tiphike makapu angati?" Yankho ndi makapu 6. Kapena motere: "Tiyerekeze kuti mulu wa tomato ndi K500. Ndakupatsa K2,000 kuti ugule milu itatu. Chenji ndi zingati?" Yankho ndi K500.

Kumpopi nakonso kuli masamu. Ndowa yaikulu imalowa malita 20. Banja likatunga ndowa 6 patsiku, ndi malita angati? Ndi malita 120. Nanga pa sabata? Ndi malita 840.

Ambiri a ife tili ndi kamunda kunja kwa tauni, kaya ku Lunzu, ku Chileka kapena ku Chiradzulu. Disembala ndi nthawi yobzala, yopalira ndi yothira feteleza. Alangizi a zaulimi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, ndipo paphando pakhale mbewu imodzi. Dulani kamtengo ka masentimita 25, mupatse mwana. Pa mita imodzi pali mapando 4. Nanga pa mzere wa mamita 10? Pali mapando 40. Mwanayo wayeza, wawerengera, ndiponso wathandiza ntchito.

Phunziro loteteza moyo

Nyengo ya mvula ndi nyengo ya kutsegula m'mimba ndi kolera. M'makwalala mwathu nyumba ndi zothithikana, zimbudzi zili pafupi ndi zitsime. Choncho tsiku lina phunziro likhale la ukhondo. Ana alembe malamulo awa papepala lalikulu:

1. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi musanadye.
2. Imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala a klorini.
3. Tsukani mango musanadye.
4. Vundikirani chakudya kuti ntchentche zisaterepo.

Wa Sitandade 6 awerenge malangizo a papaketi ya Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a 500 ml. Ngati paketi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wodwala azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wopita kuchipatala. Musachedwe pakhomo. Kolera imatha kupha munthu tsiku limodzi.

Achenjezeninso za mitsinje. Mudi, Nasolo ndi Naperi imaoneka yaing'ono, koma mvula ikagwa kumapiri imadzaza mwadzidzidzi. Mwana asaoloke madzi othamanga, ndipo asasewere m'ngalande. Tonse tikukumbukira matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023.

Madzulo ndi nthawi ya agogo

Magetsi akazima, musati tsiku latha. Imeneyo ndiyo nthawi ya agogo. Ngakhale sadziwa kulemba, m'mutu mwawo muli mabuku ambiri. Akati, "Padangokhala," ana onse ayankhe, "Tili tonse." Akati, "Ndagi," ana ati, "Gize." "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Wamng'ono akafuula kuti, "Dzira!" mwaona kuti mutu wake ukugwira ntchito.

M'mawa mwake nthano ija isanduke phunziro. Aang'ono aifotokozenso pakamwa. Apakati ailembe m'kope. Wa Fomu 2 akonze zolakwika. Pakutha pa tchuthi mudzakhala ndi kabuku ka nthano za agogo, kolembedwa ndi adzukulu awo. Afunsenso agogo za mtundu wanu, za mudzi wanu, za mfumu yanu, ndi maina a makolo akale. Ana obadwira m'tauni ambiri sadziwa zimenezi. Zikalembedwa sizitayika.

Tsiku limodzi tulukani

Ngati mungapeze ya minibasi, kapena ngati miyendo ilipo, tsiku lina pitani nawo kokaona zinthu. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museum of Malawi. Kumeneko ana adzaona zida za makolo athu ndi makina akale. Ku mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anatsogolera ntchitoyo ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake. Chilipobe mpaka lero. Mumzinda muno mulinso laibulale ya National Library Service, kumene munthu amakawerenga mabuku. Ana aakulu akaidziwe njira yake.

Pobwerako, aliyense alembe kapena ajambule chinthu chimodzi chimene waona.

Zinthu zinayi zofunika kusamala

Choyamba, ntchito za pakhomo zisaunjikidwe pa atsikana okha. M'mabanja ambiri mtsikana ndiye amatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kulera mwana, pamene mlongo wake ali ku mpira. Ola la kuphunzira likafika, iye watopa kale. Gawani ntchito mofanana. Mnyamata sathyoka dzanja akatsuka mbale. Lembani maina ndi ntchito papepala, zizisinthana tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, samalani ndi geni. Nyengo ino malonda amayenda, ndipo makolo ambiri amatuma ana kukagulitsa mandasi, zitumbuwa kapena mango. Kuthandiza makolo si kulakwa. Koma mwana asapite ola la kuphunzira lisanathe, asapite kutali yekha, ndipo dzuwa lisanalowe akhale atafika pakhomo. Mwana wamng'ono asatumidwe kukagulitsa kumalo omwera mowa.

Chachitatu, dziwani kumene ana anu aakulu ali. Masiku a chikondwerero kumachuluka magule a usiku, mowa, juga ndi anthu onyengerera ana ndi ndalama. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ambiri a iwo sukulu inathera pomwepo. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Khalani pansi ndi ana anu, anyamata ndi atsikana omwe. Lankhulani nawo poyera. Ngati inu zikukuvutani, pemphani azakhali awo kapena amalume awo.

Chachinayi, ikani pansi mkwapulo. Mwana wamantha saphunzira. Akalakwitsa, nenani kuti, "Wayesetsa, tabwerezanso." Musamutche mbuli. Musamuyerekeze ndi mbale wake. Ana a mimba imodzi sagwira zinthu mofanana. Wina amathamanga, wina amayenda pang'onopang'ono, koma onse amafika. Mukaona kuti mwana amayandikitsa buku kumaso, kapena samva mukamuitana, pitani naye kuchipatala, ndipo mukauze aphunzitsi ake.

Nanga tsiku la Khirisimasi?

Pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale sukulu ya pakhonde itseke. Ana avale bwino, adye mpunga wawo, asewere fulaye, phada, bawo ndi mpira. Opita kutchalitchi apite. Mabanja amene sachita Khirisimasi nawonso apumule ndi kucheza ndi abale. Kusewera nakonso kumakulitsa nzeru za mwana.

Koma tsiku lisanafike, ana akonze kanthu koonetsa alendo. Wamng'ono alembe dzina lake pamaso pa anthu. Wina awerenge nthano ya agogo ija. Wina alembe kalata yopita kwa abale akumudzi, imene ana obwera kudzacheza adzatenge pobwerera. Alendo akaomba m'manja, mwana saiwala tsiku limenelo.

Kumbukirani Januwale

Khirisimasi ndi tsiku limodzi, koma Januwale ndi mwezi wautali. Ndi nthawi imene ufa umachepa m'nyumba zambiri, ndipo chimanga chimakwera mtengo. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama kumapeto kwa chaka. Mukalandira zanu, musanagule nkhuku, patulani za makope, zolembera ndi sopo. Mayi ndi bambo mugwirizane. Mayi anganene kuti, "Bambo a ana, izi ndi za sukulu, tisazikhudze." Gulani makopewo nthawi yomweyo, muwasunge m'sutikesi.

Kutatsala masiku awiri kuti sukulu zitsegulidwe, chapani mayunifolomu, sokani pong'ambika. Ana obwera kudzacheza abwerere kwawo nthawi yabwino kuti nawonso asachedwe. Tsiku lotsegulira, werengani ana anu pakhomo. Onse apite, osatsala ndi mmodzi yemwe. Ngati mungathe, aperekezeni, mukaonane ndi aphunzitsi. Auzeni zimene mwaona pa tchuthi: uyu amasokoneza b ndi d, uyu kugawa kumamuvuta. Mphunzitsi wa ana 100 adzathokoza kwambiri.

Ndipo sukulu ya pakhonde isafe. Ipitirire Loweruka lililonse, ngakhale kwa theka la ola. M'mera mpoyamba. Yambani mawa m'mawa ndi khala limodzi ndi chilembo chimodzi.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Tchulani zifukwa zitatu zophunzitsira ana pakhomo pa tchuthi.
2. Kodi pakhomo panu pali ana angati? Mungawagawe bwanji m'magulu?
3. Ndi zinthu ziti za m'nyumba mwanu zimene mwana angawerenge?
4. Kodi ntchito za pakhomo panu zimagawidwa mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana?
5. Mzere wa chimanga ndi wotalika mamita 20. Mapando atalikirana masentimita 25. Pali mapando angati?

Ntchito yoti muchite

Tengani pepala ndi pensulo. Lembani maina a ana onse a pakhomo panu. Pambali pa dzina lililonse lembani kalasi yake ndi chinthu chimodzi chimene mukufuna kuti adziwe bwino pofika Januwale. Pansi pake lembani ola limene mwasankha. Pachikani pepalalo pachitseko lero lomwe.